Tembenuzani nsalu muione kuseri: nkhani ya silika wa ku Lyon

Zikomo a wapampando. Amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata amene mwangoyamba kumene kutchova makina osokera, ndakuonani nonse. Amene muli kumbuyoko, mawu akapanda kufika kwezani dzanja, pakhosi panga sipalinso ngati kale.

Ndabwera ndi tizidutswa titatu ta nsalu, tizungulire mzere ndi mzere. Koma pali lamulo limodzi: aliyense akalandira kachidutswa, akatembenuze akaone kuseri. Kumaso musataye nako nthawi, kumaso nsalu iliyonse imadzikometsa.

Koyambaka ndi chitenje, nonse mukuchidziwa. Maluwa ake ndi odinda. Nsalu inawombedwa yoyera, utoto unabwera pambuyo. Kachiwirika ndi kansalu kopeta, konga timene timayala pamipando ya pabalaza. Nakonso kanayamba kali kopanda kanthu, wina anatenga singano n'kupetapo duwa, ndipo kuseri mukuona mfundo zake. Kachitatuka ndinakadula pa katani imene ndinaitola pa kaunjika. Kayang'aneni bwino. Palibe utoto wodinda, palibe podutsa singano. Duwalo lili m'thupi mwa nsalu, linabadwa limodzi ndi nsaluyo pamene inkawombedwa. Mukafuna kulichotsa ndiye kuti mwaphwasula nsalu yonse.

Nkhani yanga lero ndi ya agogo ake a kachidutswa kachitatuka. Ndi nsalu za silika zimene zinkawombedwa mumzinda wa Lyon, m'dziko la France, makamaka m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, zovala mafumu ndi anthu achuma. Angerezi amazitcha brocade, eni akewo amati brocart.

Tiyambe ndi ulusi. Silika ndi malovu a mbozi. Musaseke mayi, ndi zoona. Pali kambozi kena kamene kamadya masamba a mabulosi okhaokha, mabulosi omwewa amene ana amadetsa nawo mayunifolomu. Kakakhuta kwa mwezi umodzi kamayamba kulavula ulusi n'kudzikulunga m'chikwa. Chikwa chimodzi ndi ulusi umodzi wosaduka, wotalika mamita 300 mpaka 900. Alimi sadikira kuti gulugufe atuluke, chifukwa akatuluka amaboola chikwa n'kuduladula ulusi. Amapha kamboziko ndi kutentha kali m'kati momwemo, n'kuviika zikwa m'madzi otentha kuti ulimbo wake usungunuke, kenako n'kupeza nsonga ya ulusi n'kuyamba kukulunga. Ulusi wa chikwa chimodzi ndi wopyapyala kuposa tsitsi, choncho amaphatikiza wa zikwa zingapo kuti upange ulusi umodzi wogwirika. Luso limeneli linayambira ku China zaka masauzande zapitazo, linafika ku Ulaya mochedwa, ndipo a ku Italy anadzakhala akatswiri ake.

Ndiye mafumu a ku France zinkawapweteka. Akuluakulu awo onse ankavala silika wa ku Italy, ndalama n'kumapita kunja ngati madzi a m'dengu. Mu 1466 mfumu Louis XI inalamula kuti ku Lyon ayambe kuwomba silika. Akuluakulu a mzindawo anakana, poti ambiri ankadyera pa malonda omwewo a nsalu zochokera ku Italy, ndipo mfumu inasamutsira ntchitoyo ku mzinda wa Tours mu 1470. Zinadzatheka mu 1536, pamene mfumu François I inapatsa chilolezo amalonda awiri ochokera ku Piedmont, dera la ku Italy, Étienne Turquet ndi Barthélemy Naris, kuti atsegule malo owombera silika ku Lyon, ndipo amisiri obwera nawo anawakhululukira misonkho. Pambuyo pake mfumu Henri IV, molangizidwa ndi katswiri wa zaulimi Olivier de Serres, inalimbikitsa kubzala mabulosi, mpaka inabzalitsa mitengo yambirimbiri m'munda wa nyumba yachifumu ya Tuileries ku Paris. Taganizani, mfumu kudzaza bwalo lake ndi chakudya cha mbozi.

Mu 1667, nthawi ya Louis XIV, nduna yake Colbert inaika malamulo okhwima pa nsalu za ku Lyon: kutambalala kwake kukhale kwakuti, ulusi ukhale wochuluka mwakuti, golide akhale weniweni. Ndipo nsaluzi zinali zopapatiza, pafupifupi masentimita 54 basi, theka la chitenje. Musunge nambala imeneyi, tidzaifuna tikafika pa kudula.

Tsopano tikhale pansi pa kawombedwe, chifukwa mtima wa nkhani uli pamenepa.

Amene munaonapo munthu akuluka lichero mukudziwa kale chiyambi chake. Pali nsungwi zoyala ndi nsungwi zopingasa, ina pamwamba ina pansi. Nsalu ndi chimodzimodzi. Makolo athu a Chimang'anja ku chigwa cha Shire ankawomba nsalu ya thonje yotchedwa machila mwa njira yomweyo, ndipo David Livingstone anawapeza akuwomba mu 1859. Pali ulusi woyala m'litali, pali ulusi wopingasa. Ukakweza ulusi woyala umodzi n'kusiya umodzi, umodzi n'kusiya umodzi, nsalu imatuluka yosalala yopanda duwa. Kuti duwa lioneke, uyenera kusankha: pa mzere uno ndikweza ulusi uwu ndi uwu, ndisiya uwo. Mzere wotsatira kusankhanso kwina. Ndipo ulusi woyalawo suli makumi awiri ngati nsungwi za lichero, uli masauzande angapo pa kansalu kopapatizako.

Munthu mmodzi sangathe. Makina owombera a nthawi imeneyo, amene mmisiri wa ku Lyon Claude Dangon anawakonza bwino kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1600, ankafuna anthu osachepera awiri. Wowomba ankakhala kutsogolo. M'mbali munkaima wina wokoka zingwe, ndipo ku Lyon kawirikawiri anali mtsikana wochokera kumudzi. Zingwezo zinali zomangidwa m'magulumagulu, gulu lililonse likuimira mzere umodzi wa duwa. Mtsikana akakoka gulu, ulusi wosankhidwa unkakwera, wowomba n'kulowetsa ulusi wopingasa, n'kuugogoda kuti ukhale thithithi. Kenako gulu lina. Kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, ali chiimire, akukoka zingwe zolemedwa ndi timiyala ta mtovu.

Apa ndi pamene brocade weniweni amasiyana ndi katani yangayo. Taonani kuseri kwa kataniyo, amene muli nayo. Ulusi wamtundu ukuyenda kuchokera m'mphepete kukafika m'mphepete, ngakhale pamene palibe duwa. Umenewo ndi mwambo wa makina a masiku ano, ulusi ndi wotchipa. Pa brocade wa ku Lyon ulusi wa duwa sunkayenda ulendo wonsewo. Wowomba ankakhala ndi timabobini ting'onoting'ono tambiri pamwamba pa nsalu, kalikonse ndi mtundu wake, eni ake amati espolin. Pa mzere umodzi ankatola kofiira n'kukalowetsa pamene pali duwa lofiira pokha, n'kukaika pansi. Kutola kobiriwira, kulowetsa patsamba pokha, kukaika pansi. Kutola kagolide. Mzere umodzi wopyapyala ngati tsitsi unkatha kufuna timabobini khumi kapena kuposa, ndi dzanja. Ukatembenuza nsalu yotere umaona ulusi uliwonse ukufika pothera duwa n'kubwerera, ngati munthu wolima ndime yake yokha. N'chifukwa chake nsalu yokhala ndi mitundu yambiri sinkalemera mopitirira, ndipo golide sankawonongeka pobisala kuseri.

Chimene chimandigwira mtima ine n'chakuti nsaluyo inkawombedwa chafufumimba, kumaso kuli pansi. Wowomba tsiku lonse ankayang'ana kuseri, nyansi za ulusi zija. Akafuna kuona ngati duwa likutuluka bwino ankasuzumira ndi kagalasi kunsi. Pa nsalu yovuta kwambiri, ntchito ya tsiku lathunthu inali masentimita ochepa chabe, osakwana ngakhale chikhatho. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akuluakulu, koma apa kudekhako kunali kwa munthu wina, maso a nkhonowo n'kukaona wina.

Ndipo ntchito sinkayambira pa makina. Poyamba wojambula ankajambula duwa ndi utoto. Kenako chojambulacho ankachisamutsira pa pepala la timabokosi, ngati la m'kope la masamu, kabokosi kalikonse kakuimira malo amene ulusi woyala ukumana ndi wopingasa. Ndiye pankabwera owerenga, ambiri anali amayi, n'kumawerenga kabokosi ndi kabokosi, kumanga zingwe mogwirizana ndi pepalalo. Kukonza makina kuti ayambe duwa latsopano kunkatenga masabata, nthawi zina miyezi, ndipo masiku onsewo palibe nsalu imene ikutuluka.

Ojambulawo ndiwo anali nyenyezi za mzinda. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700 kunali maluwa osamveka mutu wake, opindikapindika, osakaniza za ku China ndi za m'maloto, moti akatswiri a mbiri anadzawapatsa dzina loti bizarre, kutanthauza zachilendo. M'zaka za m'ma 1730 Jean Revel, mwana wa wojambula zithunzi, anatchuka ndi njira yolowetsana mitundu iwiri ya ulusi ngati zala za manja awiri zikalukana, kuti pasakhale malire akuthwa pakati pa kuwala ndi mthunzi. Zipatso ndi maluwa zinayamba kuoneka zonenepa, zoti ungathyole. Pambuyo pake kunabwera Philippe de Lasalle, amene anajambulira nsalu mfumukazi Catherine ya ku Russia ndi Marie-Antoinette wa ku France komweko, ndi mbalame zake ndi ngala za tirigu.

Nzeru ya malonda ya amalonda a ku Lyon ndiyo ndikufuna muimvetse, inu amene mumadandaula kuti mnzanu wa khonde loyandikana wakuberani sitayilo. Nawonso ankaberedwa. Ku London, ku Holland, ku Italy anthu ankakopera maluwa a ku Lyon. Zinakula mu 1685 pamene Louis XIV anathetsa lamulo lolola Apulotesitanti kupembedza momasuka, ndipo ambiri anathawa, pakati pawo amisiri a silika amene anakakhazikika ku Spitalfields mu London ndi luso lawo m'manja. Ena a mpingo womwewo ndi aja anakafika ku Cape, ku South Africa, mu 1688, kumene lero kumatchedwa Franschhoek, ngakhale iwo anatchuka ndi mphesa. A ku Lyon anaona kuti wakuba sungamuletse, koma ungamusiye m'mbuyo. Anayamba kutulutsa maluwa atsopano chaka chilichonse. Wokopera akamamaliza kumanga zingwe zake, duwalo latha kale fasho ku Paris, ndipo mayi wolemekezeka sangaoneke nalo ku nyumba yachifumu ya Versailles. Chizolowezi chimene muli nacho inu, chakuti chitenje cha chaka chatha sichipita ku ukwati wa chaka chino, amalonda a ku Lyon anachisandutsa bizinesi zaka 300 zapitazo.

Za golide ndinene pang'ono. Ulusi wagolide sunali golide yekhayekha. Ankatenga siliva wokutidwa ndi golide, kumukoka mpaka akhale waya wopyapyala, kumuphwatalitsa, n'kumukulunga pa ulusi wa silika. Wina ankamusiya wophwatalala kuti azinyezimira ngati galasi, wina ankamupota kuti akhale wamanyamanya. Kumbukirani kuti kunalibe magetsi. Nsaluzi anazipangira kuwala kwa makandulo, kuti munthu akamayenda m'chipinda chovala chizithwanima mosinthasintha. Koma golide yemweyo ndiye anadyetsa nsalu zambiri. Chuma chikavuta, nsalu zakale ankazitentha n'kutola chitsulocho m'phulusa. M'zaka za m'ma 1770 amayi a kunyumba yachifumu anali ndi kachizolowezi kokhala pamacheza akusolola ulusi wagolide m'zokongoletsa zakale, n'kukagulitsa kwa osula.

Tsopano tifike pa ntchito yathu, kudula ndi kusoka. Diresi lotchuka la nthawi imeneyo linkatchedwa robe à la française. Kumsana linali ndi mapinda akuluakulu ochokera m'mapewa kutsika mpaka pansi osadulidwa m'chiuno, ndipo m'mbali ankavalira timafelemu totambasula siketi, ena otambalala moti mayi ankalowa pakhomo cham'mbali ngati nkhanu. Mukuganiza kuti n'chifukwa chiyani ankakonda msana woterowo? Unali malo oonetsera nsalu. Duwa lizioneka lathunthu, lisadulidwe. Pa nsalu ya masentimita 54 ija, diresi limodzi ndi siketi yake ya m'kati linkadya mamita oposa 15. Abambo musamwetulire, nanunso munalimo: jekete lalitali ndi kawesikoti kake ka maluwa a golide, ndipo mawesikoti ena ankawombedwa kale m'maonekedwe ake pa makina, telala n'kungodula motsata mzere.

Ine ndili mtsikana, chaka changa chachiwiri pa ntchito, mayi wina anandibweretsera nsalu ya ukwati wa mwana wake, ya maluwa oyang'ana mbali imodzi. Ndinafuna kupulumutsa nsalu, ndiye chidutswa chakumbuyo ndinachitembenuza mutu pansi kuti chikwane. Diresi litatha, kutsogolo maluwa akumera, kumbuyo akufota. Mayiyo sanakalipe. Anangoliyang'ana, n'kundiyang'ana, n'kunena kuti, "Mwanawe, ndiziyenda chobwerera?" Ndinagula nsalu ina ndi malipiro a mwezi wathunthu. Ndiye ndikaganiza za mayi wosoka wa ku Paris atagwira sizasi pamwamba pa nsalu imene mtengo wake sakanaupeza ngakhale atasoka zaka zingapo, m'mimba mwanga mumatentha. Pa mtengo wa diresi lotere, gawo lalikulu kwambiri linali la nsalu, la wosoka linali kachigawo kakang'ono. Ndipo amayi osoka a ku Paris anangololedwa kukhala ndi bungwe lawolawo mu 1675, poyamba ntchito yovomerezeka inali ya atelala aamuna.

Chifukwa cha mtengo umenewo ankasoka mochenjera. Ankapinda m'malo modula, ndipo misoko yambiri inali yotalikirana, yosavuta kusolola. Amene amaona madiresiwa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale amadabwa kuti m'kati ndi osokedwa mwachisawawa. Sikunali kulephera. Ankadziwa kuti diresili lidzaphwasulidwa n'kusokedwanso fasho ikasintha, mwina kawiri kapena katatu, mwina kwa mdzukulu. Likatopa linkapita kwa wantchito wa m'nyumba, kapena kwa ogulitsa zovala zakale. Inde, kaunjika analiko ku Paris. Ena ankapereka madiresi awo ku tchalitchi, n'kusokedwa kukhala zovala za ansembe za pa Misa, ndipo nsalu zambiri zimene zatsala lero zinapulumukira m'makabati a matchalitchi.

Bambo mwafunsa kuti nanga owombawo analemera? Mwanditsogolera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wowomba sanali mwini nsalu. Wamalonda ndiye ankagula silika, kulemba wojambula, n'kupereka ulusi kwa mmisiri atauyeza pa sikelo. Mmisiri ankawombera kunyumba kwake, pa makina ake, ndi mkazi wake, ana ake ndi antchito ake ogona momwemo. Nsalu ikatha ankaibweza, kuiyezanso pa sikelo, n'kulipidwa potengera kutalika kwake, pa mtengo umene wamalonda wanena. Mikangano ya sikelo inali yosatha, chifukwa silika amamwa chinyontho n'kulemera, monga amachitira ena aja othira madzi thonje popita kumsika. Mpaka mu 1805 boma linakhazikitsa nyumba yapadera ku Lyon youmitsira silika ndi kumuyeza asanagulitsidwe. Vuto lina linali maliro. Wa banja lachifumu akamwalira, olemekezeka onse ankavala zakuda kwa miyezi, maoda a maluwa n'kuima, makina zii, mabanja n'kugona ndi njala chifukwa cha maliro a munthu amene sanamuonepo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1780 mzindawu unali ndi makina oposa 14,000, ndiye ganizani kuchuluka kwa miphika imene inkadalira fasho ya anthu ochepa a ku Versailles. Mu 1786 owomba ananyanyala ntchito kufuna kuti awonjezeredwe timakobidi tiwiri pa muyeso wa nsalu. Asilikali anabwera, ndipo atsogoleri ena ananyongedwa.

Mdani wina wa silika anali wachibale wa chitenje chathuchi. Nsalu za thonje zodinda zochokera ku India zitafika ku France, anthu anazikonda: zopepuka, zochapika, zotsika mtengo. Silika wa golide sungamuchape. Pofuna kuteteza owomba silika ndi ubweya, boma linaletsa nsalu zodinda kuyambira 1686 mpaka 1759, zaka 73, ndipo mayi wopezeka atavala ankalipitsidwa. Anthu ankavalabe mobisa. Chiletso chitatha, mafakitale a mumzinda wa Nantes ku France anadinda nsalu zoterezi zambiri zopita nazo ku gombe la Africa kukasinthanitsa ndi akapolo. Mu 1783 Marie-Antoinette anajambulitsa chithunzi atavala diresi loyera lopepuka la thonje, anthu n'kukwiya kuti mfumukazi yajambulitsa itavala za m'kati, mpaka chithunzicho chinachotsedwa pa chionetsero. Kenako mu 1789 kunabuka kuukira kwakukulu, mfumu ndi mfumukazi anadulidwa mitu mu 1793, olemekezeka anathawa, ndipo chaka chomwecho mzinda wa Lyon unazingidwa ndi asilikali n'kuwonongedwa kwambiri. Makasitomala anatha. Amene anadzutsanso ntchito ndi Napoleon, wolamulira watsopano wa France, poitanitsa nsalu zambiri zokongoletsera nyumba zachifumu ndi kulamula kuti obwera kwa iye azivala silika.

M'nthawi ya Napoleon yomweyo ndi pamene ntchito ya mtsikana wokoka zingwe inayamba kutha. Anthu anakhala akuyesa kwa zaka zambiri. Mu 1725 Basile Bouchon anagwiritsa ntchito pepala lobooledwa posankha ulusi. Mu 1728 Jean-Baptiste Falcon anasintha pepalalo kukhala makhadi olumikizana. Jacques Vaucanson anapanga makina ake cha m'ma 1745, iye uja amene owomba a ku Lyon anamuthamangitsa mumzinda mu 1744 chifukwa cha malamulo atsopano amene anabwera nawo. Joseph-Marie Jacquard, mwana wa wowomba, anaphatikiza nzeru zonsezi cha m'ma 1804. Kachipangizo kake kamakhala pamwamba pa makina. Khadi lililonse ndi mzere umodzi wa duwa. Timisomali timagunda khadilo: pamene pali bowo kamsomali kamalowa ulusi n'kukwera, pamene palibe bowo ulusi umakhala pansi. Wowomba akaponda chopondera, khadi lina limabwera lokha. Napoleon anakaona makinawo ku Lyon mu 1805, boma linawatenga kukhala a anthu onse, Jacquard n'kupatsidwa penshoni.

Achinyamata a mafoni, imvani apa. Bowo kapena popanda bowo, inde kapena ayi. Mu 1839 ku Lyon anawomba chithunzi cha nkhope ya Jacquard pa silika, ndi makhadi 24,000, chosalala moti anthu ankachiyesa chosindikiza. Katswiri wa masamu wa ku England, Charles Babbage, anali nacho chimodzi kunyumba kwake, ndipo pokonza mapulani a makina ake owerengera anatengera nzeru ya makhadi obooledwa omwewo. Makompyuta anadzagwiritsa ntchito makhadi otere mpaka m'zaka za m'ma 1970. Ndiye mdzukulu akamakunyozani kuti agogo simudziwa kompyuta, muzimuuza kuti inaphunzira kwa owomba nsalu.

Makina a Jacquard anali aatali, choncho owomba anasamukira pa phiri la Croix-Rousse mu Lyon momwemo, kumene kunamangidwa nyumba za denga lokwera pafupifupi mamita 4 ndi mawindo akuluakulu olowetsa kuwala. Banja linkagona pa kathandala kam'mwamba, makina n'kutenga chipinda. Pakati pa nyumbazo pali tinjira todutsa m'kati mwa nyumba, amati traboule, timene ankadutsamo ndi mipukutu ya silika potsikira kwa amalonda kuti isanyowe ndi mvula. Anthuwa ankatchedwa canut, ndipo phokoso la makina awo analipatsa dzina, bistanclaque, monga ife timati makina akuti kwetekwete.

Makina anasintha, koma mtengo ankanenabe ndi wamalonda. Lyon ndiwo mzinda woyamba ku France kukhala ndi bwalo loweruza milandu ya pakati pa olemba ntchito ndi antchito, mu 1806, komabe sizinakwanire. Mu Okutobala 1831 owomba ndi amalonda anagwirizana mtengo wochepetsetsa pamaso pa bwanamkubwa wa boma. Amalonda oposa 100 anakana kuutsata. Pa 21 Novembala owomba anatsika phiri la Croix-Rousse ndi mbendera yakuda yolembedwa kuti akhale moyo akugwira ntchito kapena afe akumenya nkhondo. Patatha masiku awiri mzinda unali m'manja mwawo, anthu mazanamazana atafa kapena kuvulala. Chodabwitsa, anaika alonda pa nyumba zosungiramo silika kuti pasabedwe kanthu. Kuchiyambi kwa Disembala boma linatumiza asilikali 20,000, mzinda unabwezedwa, ndipo mtengo uja unathetsedwa. Mu Epulo 1834 anaukiranso, ndipo ulendo uno magazi anakhetsedwa ochuluka.

Zotsala ndidutsa mothamanga, ndikuona amayi a kukhitchini akundikodola. M'zaka za m'ma 1850 matenda anagwira mbozi za silika kum'mwera kwa France, mpaka boma linatuma katswiri wa sayansi Louis Pasteur ku tauni ya Alès mu 1865, ndipo iye anapeza njira yosankhira mazira abwino ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Ulimiwo sunabwererenso mwakale, silika anayamba kuchokera ku China ndi ku Japan. Kenako kunabwera makina oyendera injini, kenako ulusi wopangidwa ku fakitale, mpaka tafika pa katani yanga ya poliyesitala, imene ikutchedwabe jacquard ngakhale mwini dzina anamwalira mu 1834.

Makina amanja sanatheretu. Ku Lyon kuli makampani akale monga Prelle ndi Tassinari & Chatel amene amawombabe ndi manja nsalu zobwezeretsa m'zipinda za ku Versailles ndi nyumba zina zakale, potsata mapepala a timabokosi amene anasungidwa, masentimita ochepa patsiku monga kale, kumaso kuli pansi. Zitsanzo zakale zinasonkhanitsidwa ndi nyumba yosungira nsalu zakale ya Musée des Tissus mumzinda momwemo, ndipo amene muli ndi ana ku London muwatume akaone madiresi ake ku Victoria and Albert Museum, kulowa n'kwaulere, akutumizireni zithunzi. Muwauze kuti akapeza pamene nsalu yapindika ajambulenso kuseri.

Tizidutswa tanga tija tibwerere kuno kutsogolo. Ndikuona tiwiri. Kachitatu, ka katani, kali m'chikwama cha ndani?